Ayezi Waulere wa Dona Zenaide

Kuno ku Santa Eulália, munthu akakhala wouma manja sitichita kuzungulira ayi, timangoti, "Ameneyu analeredwa ndi Dona Zenaide." Ambiri onena mawuwa sanawapatsepo mayiwo ngakhale mutu wa nsomba, koma tisanamizane, miseche ina imakhala ndi pogwira. Dona Zenaide ankagulitsa ayezi kwa asodzi m'kanyumba kanjerwa kumapeto kwa msika, ndipo palibe msodzi amene angaimike chala n'kunena kuti anaonjezeredwapo kachibenthu ka basera. Ayezi akasungunukira pansi, madziwo ankawakokolola n'kukathirira kabichi kuseri. Dona Marlete, wogulitsa nsomba zokazinga moyandikana nawo, ankauza aliyense kuti mnzawoyo akanadziwa kaikidwe ka mthunzi m'thumba, bwenzi anthu akulipira poima pakhonde pawo.

Sanabadwe choncho. Achikulire amakumbukira Zenaide wina, mtsikana wa chikhakhali chomveka mpaka kudoko, amene anakwatiwa ndi Altamiro, mnyamata wa manja obooka. Altamiro akagwira nsomba, theka linkathera m'njira: uyu mlamu, uyu tinaphunzira limodzi, uyu ndangomumvera chisoni. Akalowa m'bala, kachasu ankagulira ndi anthu amene sakuwadziwa omwe. Chaka china, mwera utangoyamba, anakwera chombo chachikulu chokapha nsomba kum'mwera, nati adzabwera pa Khirisimasi. Sananene kuti Khirisimasi yake iti. Patapita zaka kunamveka kuti ali ku Rio Grande, wanenepa, akuthandiza mayi wina kugulitsa majekete. Kuno anasiya makina opangira ayezi, juzi yaubweya yong'ambika pachigongono, ndi pengwini wadothi wa pamwamba pa firiji amene analandira pa ukwati. Kuyambira pamenepo Dona Zenaide anafumbata dzanja. Ankati chilichonse chimene wachimasulira chala chimalowera kum'mwera.

Tauni yathuyi nayonso siyachilendo pa nkhani yothawidwa, ngakhale aphunzitsi a Hermínio, amene amasunga mbiri yake m'mutu, amaikamba mothira mchere. Iwo amati makolo athu, pochokera kuzilumba zakutali, anayendera gombe lonse nasankha pano chifukwa cha kukongola. Zoona zake n'zoti mwera unawakankhira pamchenga, chombo n'kusweka, basi n'kukhala. Atakhala anayamba kupha anangumi. Anapha, anapha, mafuta ena n'kumayatsira nyale za m'mizinda ikuluikulu, ena n'kupondera matope omangira tchalitchi, mpaka nangumi womaliza anamva mbiri yathu n'kusiya kudutsa. Tinatsala ndi nthiti imodzi imene ili pabwalo la tauni, pomwe agalu amaimikirapo mwendo. Masiku ano anangumi anabwereranso, amadzaberekera m'nyanja muno nyengo yozizira, koma mwadala amachitira zimenezi kutsogolo kwa Pontal Grande, tauni ya kuseri kwa phiri, ndipo alendo a makamera amathera komweko. Ife chathu ndi mphepo. M'chilimwe ya kumpoto imakuthirira mchenga m'mbale ya nyemba. Mu Juni ndi Julayi mwera umakulowa mpaka m'mafupa, koma umenewo timaukhululukira chifukwa umabwera ndi tainya, nsomba zimene zimatidyetsa chaka chonse.

Mwera womwewo umabweretsanso apengwini, kungoti nthawi zambiri timawapeza atafa kale, miimba itawazungulira. Sikuti ndiye sitiwadziwa. Ha! Za apengwini tonse kuno ndife madokotala. Nyumba iliyonse yodzilemekeza ili ndi wake wadothi pamwamba pa firiji, wakuda kumsana, woyera pamimba, ali njo ngati mkwati. Mwana amakula akumuona pamenepo tsiku ndi tsiku, ndipo pofika poyamba sukulu amakhala akudziwa kale, popanda womuuza, kuti pengwini ndi firiji ndi pachibale.

Tsono m'mawa wina wa Julayi, mwera ukuchita kulira m'mawaya, bambo Dorval, kapena kuti Seu Dorval m'chikwathu, msodzi wokalamba wa miyendo yamatewe, anapeza pengwini wamoyo. Anali ataima yekha pamchenga, agalu akumuuwa, iye akunjenjemera thupi lonse. Sanali wa suti yokongola ngati wa pafiriji uja. Anali mwana, wotuwa mbuu, wowonda moti fupa la pachifuwa linkachita kuonekera pansi pa nthenga. Dorval anamukulunga m'chiguduli, pengwini n'kumuthokoza pomujompha chala mpaka magazi, ndipo pofika pamsika theka la tauni linali pambuyo pawo. Panalibe wofunsa kuti tipite naye kuti. Onse anangolunjika kumalo kozizira koposa m'tauni yonse.

"Dona Zenaide, tatsegulani chipinda chozizira chija," anatero Dorval. "Mlendoyu watenthedwa, taonani mmene akunjenjemerera."

"Ayezi wanga ndi wa nsomba zakufa," anayankha mayiwo osadzuka pampando. "Zamoyo zizidzionera zokha. Kaya mwina mwabwera ndi ndalama yake?"

Anthu anang'ung'udza. Panali mawu ambiri okhudza chifundo, koma palibe dzanja limene linalowa m'thumba. Zili choncho, mlonda wa pathanthwe, amene ntchito yake ndi kuyang'ana panyanja, anayamba kukupiza jekete, kutanthauza kuti tainya zafika. Kuno jekete limenelo likakupizidwa ngakhale wansembe amafupikitsa ulaliki. Khamu lonse linamwazikira kumakhoka, ndipo Dorval anangosiya chiguduli chija pakhomo n'kuliyatsa liwiro ndi miyendo yake yamatewe.

Dona Zenaide anachiyang'ana chiguduli, anayang'ana agalu amene anali atakhala chapatali kudikira. Pambuyo pake ankakana kwamtuwagalu kuti sichinali chisoni, ati mbalame yofera pakhomo imathamangitsa makasitomala. Anatenga katoni, n'kuyiponya kuseri kwa makina, pamene injini imapumira mpweya wofunda, pomwe ankayanikapo zikolopa. Anasankha pamenepo chifukwa ndi malo okhawo amene sankabweretsa ndalama. Pansi pa katoniyo anayala juzi ya Altamiro, poti ndiyo nsalu yokhayo imene ikanaonongeka iwo osadandaula. Kenako anatola tinsomba ta sadini tophulika mimba, tosagulitsika, n'kumulozetsa kukamwa. Pengwini analandira kansombako pamodzi ndi chala chachikulu cha mayiwo. Iwo anayang'ana magazi, anayang'ana mbalame, n'kuseka, chinthu chimene makoma a kanyumbako anali asanamvepo.

"Apa ndiye ndapeza munthu woona mtima," anatero. "Sapempha, sathokoza."

Dzina linabwera lokha. Nanga cholengedwa chochokera kum'mwera, chofika mochedwa, chowonda, chanjala, m'thumba muli mbee koma chikuyenda chifuwa patsogolo, mungachitche ndani? Anamutcha Miro. Asodzi odzagula ayezi ankamva mayiwo akukalipa kuseri kwa makina, ati Miro adye asawaonongere nsomba, ati kumene analiko kodi ankamupatsa zotani zoposa zimenezi. Ndipo Miro ankadya. Kunjenjemera kuja kunatha. Anayamba kuima, kudzikonza nthenga, kenako kutuluka m'katoni n'kumawatsatira mayiwo pendapenda kuchokera pasikelo kukafika pakhomo. M'mawa ankalira ngati bulu wachimfine, msika wonse n'kumva. Tsiku lina Dona Marlete anaona malodza ndi maso awo: Dona Zenaide ali kugombe akugula sadini zatsopano, zogulagula ndi ndalama, osanenerera n'komwe.

Anamukonda, basi, palibe mawu ena. Munthu amene kwa zaka zambiri ankadya yekha atayang'ana khoma tsopano ankalawirira kukatsegula kanyumbako mtima uli m'mwamba, osadziwa kuti akamupeza ali bwanji. Akamva kulira kwa bulu kuja adakali panja, ankaima kaye pakhomo n'kukonza nkhope kuti alowe ali okwiya monga mwa masiku onse.

Koma kulira komweko kunkakumbutsa tauni kuti pengwini akadali moyo, ndiponso kuti sali m'ayezi. Dona Marlete anasuzumira, n'kufalitsa kuti mbalame ya Mulungu ikuwotchedwa pang'onopang'ono kuseri kwa makina, itagonekedwa pa juzi, ngati nkhuku yodikira alendo. Nkhani inayenda msika wonse, inakalowa m'tchalitchi, inatulukira kukhonsolo. Sipanatenge nthawi a Meya Gervásio anatulukira, bambo amene anatsegulirapo mlatho umodzi kawiri, kusanachitike chisankho komanso chitachitika. Pambuyo pawo panali aphunzitsi a Hermínio atakumbatira buku la jogalafe.

A Meya anayamba ndi mbiri. Anati tauni imene inataya anangumi ake sikuyenera kutayanso pengwini wake. Chikondwerero cha tainya chinali pafupi, ndipo iwo anali atalota kale Miro ali pazikwangwani, pamalaya, pamakapu, alendo akutembenuza galimoto pamphambano ya ku Pontal Grande. A Hermínio anatsegula buku n'kuonetsa chithunzi cha apengwini akuluakulu ataima pa chipululu cha madzi oundana, n'kuchizungulitsa kuti aliyense aone, monga amachitira m'kalasi. Dorval, amene chala chake chinali chikadali chomanga, anafunsa mwaulemu ngati sizikanakhala bwino kuimbira foni anthu aja osamalira zamoyo za m'nyanja, poti ntchito yawo ndi yomweyi.

A Meya anamuyang'ana ngati watukwana. "Seu Dorval, anthu amenewo ofesi yawo ili kuti?"

"Ku Pontal Grande, bwana."

"Ehe. Anatenga anangumi, anatenga msewu wa tala. Ndiye mukufuna tiwaitane ndi pakamwa pathu adzatengenso pengwini? Woimba foni imeneyo asamuke."

Palibe anaimba. Safunsa anadya phula, koma ife sitinaone chofunsira chinthu chimene tinkachidziwa kale. Chimene chinatsala chinali kuwagonjetsa Dona Zenaide. Iwo anauza a Meya kuti ngati khonsolo ikufuna ayezi igule, a Meya n'kuyankha kuti ndalama zonse zinapita ku zikwangwani, ndipo nkhani inathera pomwepo. Amayi a kutchalitchi anasiya kuwapatsa moni. Wina analemba ndi makala pakhoma la kanyumbako kuti WAKUPHA. Asodzi ankabwerabe, poti ayezi wina kunalibe, koma ankalipira atayang'ana kumbali ngati akugula kwa mfiti.

Kunja mayiwo anali gwa. Wolankhula kwambiri ankamuuza kuti akatsegule firiji yakwake. Koma apa ndi pamene panagona nkhani, abale: mumtima mwawo ankakhulupirira kuti tauni ikunena zoona. Nawonso anakulira pansi pa pengwini wadothi. Madzulo aliwonse akafika kunyumba ankamupeza ataima pamwamba pa firiji akuwayang'ana ndi maso ake opaka penti, ndipo iwo ankazemba. Ankaona kuti Miro akudya, akunenepako, koma ankati mwina ndi kulimba chabe kwa chilombocho, chikupirira nkhanza zawo monga anthu ena amapiririra ukwati. Poyamba ankamumana ayezi chifukwa choumira, kenako chifukwa chosafuna kugonjera Marlete. Tsopano, chikondi chitalowapo, kumumanako kunayamba kuwadya m'kati ngati chiswe.

Ndiye kunabwera masiku aja amene amabwera pakati pa dzinja lathu chaka chilichonse, ife n'kumadabwa chaka chilichonse. Mwera unangoti zii. Kunayamba kuomba kamphepo kofunda kochokera kumpoto, makoma n'kumachita thukuta, anthu n'kuvula majuzi. M'kanyumba ka ayezi, kuseri kwa makina kunatentha ngati m'khitchini. M'mawa umenewo bulu sanalire. Dona Zenaide anamupeza Miro atagona chafufumimba m'katoni, timapiko atatambasula, kukamwa kuli yasa, akupuma mwawefuwefu. Anamulozetsa sadini, iye anatembenuza mutu. Anamulozetsa chala, sanachijomphe.

Dona Marlete anali kale pakhomo, chipande chili m'manja. Anasuzumira, anapukusa mutu, n'kulankhula motsitsa, mwachisoni chenicheni, ndipo n'chifukwa chake mawuwo analasa.

"Amnzanga, mwamuna mmodzi munamuthamangitsa ndi kuumira. Winayu mumupha nako."

Linali bodza. Aliyense wamkulu akudziwa kuti kuumirako kunabwera Altamiro atapita kale. Koma munthu wamantha sawerenga zaka. Dona Zenaide anadzuka, anatsegula chitseko cholemera cha chipinda chozizira, anatulutsa mabokosi a nsomba za anthu, n'kuyamba kuphwanya ayezi watsopano, woyera, wabwino koposa, amene ankasungira mabwato akuluakulu. Anamuyala pansi mokhuthala bwino. Mbiri inathamanga, ndipo asanamalize, a Meya ndi a Hermínio anali atafika, anthu atadzaza pakhomo. A Hermínio analangiza kuti mbalameyo ithiridwe kaye madzi kuti kuzizira kulowe bwino. Mayiwo anamunyamula Miro kumuchotsa pa juzi paja, anamuthira madzi mpaka nthenga zinamatirira kukhungu, n'kumugoneka pa ayezi.

Miro anadzambatuka. Anthu anaomba m'manja, ati taonani wachira pompopompo. Iye anaterereka, anagwa, anadzukanso, n'kuyamba kuwatsatira mayiwo pendapenda kulowera kukhomo, kumene kunali katoni yake. Mayiwo anamubweza. Anabweranso. Ulendo uno anawajompha padzanja mwamphamvu, ndipo iwo, misozi ili chuchuchu, anamukankhira m'kati ndi manja onse awiri.

"Khala, Miro. N'kwanu kuno. Ndinakumana nthawi yaitali, undikhululukire."

Anatseka chitseko.

Panja panali asodzi ndi madengu awo, chifukwa tainya sizidikira nkhani za mbalame. Dona Zenaide anayang'ana ayezi amene anatsala, anayang'ana sikelo, n'kunena kuti lero sikelo yapuma, aliyense atenge mmene angathere. Poyamba anthu anaganiza kuti sanamve bwino. Kenako chinali chipwirikiti. Anatenga asodzi, anatenga a mabala, anatenga ndi anthu amene analibe choika m'ayezimo. Amayi a kutchalitchi anawapsompsona masaya onse awiri. Wina anathamanga kukafufuta mawu aja pakhoma. A Meya anatsegulitsa chitseko pang'ono kuti ajambulitse atagwada pafupi ndi pengwini, n'kulengeza pomwepo kuti khonsolo imanga chiboliboli cha Miro pabwalo, ndi chikwangwani chamkuwa chothokoza mayi amene anapereka ayezi wake kwaulere. Ndipo ndinene zoona, Dona Zenaide anasangalala. Anamva kupepuka kumene anali atakuiwala. Anaganiza kuti kani kupatsa n'kokoma chonchi, zaka zonsezi ndinkadzimana chiyani.

Masana anasuzumira n'kupeza Miro akunjenjemera monga tsiku limene anafika. A Hermínio anati chimenecho ndi chisangalalo, thupi likukumbuka kwawo. Atasuzumiranso, kunjenjemera kunali kutatha, kukamwa atatseka, atagona phee. A Hermínio anati mwaona, wapeza mtendere. Dzuwa likupendeka, mayiwo analowa ndi sadini m'manja, n'kumukhudza. Anali atauma.

A Hermínio sanasowe chonena. Anavula chipewa n'kufotokozera anthu kuti thandizo linafika mochedwa, kutentha kwa masiku onse aja kunali kutamudya kale m'kati. Anthu anavomera ndi mitu, mwaulemu, osafuna kuwonjezera chilonda. Dona Zenaide anavomeranso. Anapita kwawo akudziwa kuti kuumira kwawo kwapha chinthu chokhacho chimene chinkawatsatira.

Kutacha kunafika galimoto yokhala ndi chithunzi cha kamba wa m'nyanja pachitseko. Palibe anaimba foni, koma chithunzi cha a Meya chija chinali chitayenda m'mafoni mpaka kuseri kwa phiri. Munatsika mtsikana wovala jombo, atanyamula katoni, bulangete ndi botolo la madzi ofunda. Anthu a pamsika anagwirana m'mapewa ndi kuseka, ati taonani a ku Pontal Grande, bulangete kufunditsa pengwini. Mtsikanayo sanaseke. Analowa, anagwada, n'kupapasa pachifuwa pa Miro.

Sanakalipe. Anaoneka kuti mawu amenewa anawanenapo m'matauni ambiri ndipo atopa nawo. Anati apengwini a mtundu uwu si a m'buku aja. Amabadwira m'mauna, padothi louma la kum'mwera kumene dzuwa limawala, ndipo akamafika kuno amakhala atasambira mtunda wautali, mafuta onse a m'thupi atatha, nthenga zikulowa madzi. Pengwini wowonda amamva kuzizira ngati khanda. Za kupuma mwawefuwefu zija anati mwina kunangomutenthera pang'ono, kukanakwana kukokera katoniyo pamthunzi podutsa mphepo. Kenako anadabwa kuti pachifuwapo panali patayamba kubwerera mnofu, n'kufunsa kuti masiku onsewa ankakhala kuti.

Dona Zenaide analoza kuseri kwa makina. Katoni inali pomwepo, juzi ili m'kati.

"Amene anachita izi ndiye anamupulumutsa," anatero mtsikanayo. "Pofunda, pouma, nsomba pang'onopang'ono. Ifenso timachita chimodzimodzi. Nanga anamuika mu ayezi ndani?"

Mukanaona mmene msika unakumbukirira ntchito. A Meya anali ndi msonkhano. A Hermínio anayang'ana kumwamba ngati akuwerenga mitambo. Dona Marlete anamva kuti mafuta akupsa pamoto. Panatsala Dorval, atagwira chipewa ndi chala chake chomanga, ndi mayiwo.

"Ndine," anatero Dona Zenaide. Kenako anamufunsa mtsikanayo. "Mwana wanga, undiuze zoona. Ndikanangokhala mmene ndinalili muja, osamvera munthu, akanakhala moyo?"

Mtsikanayo anayang'ana pansi. Ankafunitsitsa kunama, zinkachita kuoneka.

"Sindinganene motsimikiza, amayi. Koma anali panjira yochira."

Dona Zenaide anagwedeza mutu. Anatola juzi ija, anaikutumula, anaipinda bwinobwino. Tsiku lomwelo sikelo inabwerera pamalo pake.

Chiboliboli chinamangidwabe, nanga chikwangwani chamkuwa chinali chitaitanitsidwa kale. Chili pabwalo, pafupi ndi nthiti ya nangumi, ndipo agalu anachilandira bwino. Mmisiri wake sanamuonepo Miro, choncho anangotengera wa pafiriji yakwake: wakuda kumsana, woyera pamimba, wonenepa. Pansi pake palembedwa kuti tauni ikuthokoza Dona Zenaide chifukwa cha mtima wawo wopatsa. A Meya anachitsegulira kawiri. A Hermínio anaonjezera nkhaniyi pa mbiri ya tauni, ndipo mmene amaikambira masiku ano, ndi iwo amene anachenjeza anthu za ayezi koma sanamveredwe. Apengwini adothi akadali pamafiriji athu, kupatula m'nyumba imodzi.

Dona Zenaide akalamba tsopano, koma ayezi akugulitsabe, ndipo basera kulibe. Chimene chinasintha n'chakuti mwera ukayamba amatsegula mochedwa. Amayamba ayenda gombe lonse mpaka kuthanthwe, katoni ili kukhwapa, akugenda agalu ndi miimba. Ambiri amawapeza atafa. Akapeza wamoyo amamuika kuseri kwa makina, wosuzumira amamuthira madzi a zikolopa, ndipo amaimbira mtsikana wa jombo uja pa foni ya Dorval, kuti asathe mayunitsi awo. Dzina samupatsa.

Ndipo chaka chilichonse, tsiku limene mwera wafika poipa, chiboliboli chija chimapezeka chitavala juzi yaubweya yong'ambika pachigongono. Wosesa pabwalo, munthu wachilendo kuno amene sankadziwa nkhaniyi, anaivula chaka chatha n'kuiika m'ngolo yake ya zinyalala. Sanafike nayo patali. Dona Zenaide anamupeza pakona ya tchalitchi, n'kutambasula dzanja. Bamboyo anapepesa, anati ankayesa kuti wina wangoipereka, poti pachikwangwanipo palembedwa za mayi wina wopatsa.

"Bweretsani kuno, si ya pengwiniyo, ndangomubwereka," anatero mayiwo akuikutumula fumbi. "Ine sindipatsa zaulere, bambo. Ndinapatsapo kamodzi."